Galimoto Yopanda Nambala pa Msewu wa Kumanda

Phyllis anatuluka mochedwa m'nyumba ya nkhalamba yachinayi, basi itadutsa kale. Unali mwezi wa Disembala ku Bradford, ku England: 6 koloko isanakwane, koma kunja kuli bii. Ntchito yake inali yoyendera okalamba m'makomo, ndipo a Herbert, nkhalamba yotsatira, ankayenera kumwa mankhwala 6 koloko yeniyeni. Foni ya kampani inkalemba pomwe munthu ali ndi nthawi imene wafika. Anali atachedwa kale kawiri. A Nalishebo, manijala wa ku Zambia, anamuuza mosapsatira: "Kachitatu ntchito yatha, mwana wanga. Ndipo viza imapita ndi ntchito."

Kunatsala mailosi atatu ndi mphindi khumi. Anadzera njira yachidule, yotsata mpanda wa manda.

Msewu unali zii. Kenaka kumbuyo kunamveka injini, kulira kwake ngati kukuchokera pansi pa nthaka. Sanacheuke. Akafulumira, nayo inkafulumira. Ataima... inaima.

Inali galimoto yophwatalala, yosafika m'chiuno mwake, thupi lonse lomatidwa mizere yakuda ndi yoyera ngati mbidzi. Nambala inalibe. Phyllis anasuzumira kumanja, komwe kumakhala dalaivala.

Kunalibe munthu!

Chitseko cha kumanjako chinakwera m'mwamba ngati phiko. M'pamene anaona kuti chiwongolero chili kumanzere, ndipo wachigwira ndi mwamuna wovala chipewa cholimba cha ampikisano wa magalimoto, nkhope yobisika kuseri kwa galasi.

"Ndi ya ku America," anatero mwamunayo. "Sinayambe kugulitsidwa. Ilipo imodzi yokha. Lowani, bambo akudikira mankhwala."

Phyllis anali asanamuuze kanthu. Anayang'ana manda. Anaganiza za viza. Analowa.

M'kati munali zitsulo ndi mawaya okhaokha, mipando iwiri basi. Injini sinali kutsogolo. Inali kuseri kwa mpando wake, ikubangula. Koma msana wake unkazizira ngati watsamira firiji. Mpweya wake unkatuluka ngati utsi. Pa galasi la mwamunayo... panalibe nkhungu n'pang'ono pomwe.

"Anaipangira bwalo la mpikisano ndi msewu womwe," anatero. "Pabwalo ndinaiyesa. Pamsewu ndi lero."

Galimoto inalumpha. Mutu wa Phyllis unakakamira kumpando. Nyali za mumsewu zinasanduka chingwe chimodzi. Mphambano! Nyali yofiira! Khoma!

"Chonde achimwene, chepetsani!"

"Mabuleki ndiwo sanamalize," anayankha mofatsa.

Phyllis anatsinzina. Anayamba kupemphera. Fungo la mphira wopsa. Kutentha kumaso. Kenaka... zii.

Anatsegula maso ali chiimire pa geti la a Herbert, chikwama m'manja, msewu uli mbee. Anadina foni kuti wafika. Kunali kutatsala mphindi zisanu ndi imodzi.

A Herbert, mzungu wa zaka makumi asanu ndi atatu, anameza mapilitsi akumuyang'anitsitsa.

"Mwakumana ndi chiyani panjira?"

Phyllis anawafotokozera zonse. Nkhalambayo inaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Ameneyo ndi mwana wanga Alvin. Ntchito yake inali yoyesa magalimoto atsopano ku Michigan, ku America. Anapsera m'galimoto imeneyo zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Phulusa lake tinaliika kumanda mwadutsako."

Foni inalira. Anali a Nalishebo, mawu awo akumveka m'chipinda chonse.

"Iwe Phyllis, makina akuonetsa kuti mailosi atatu wayenda mphindi imodzi. Unamera mapiko? Abwana akuti wachita chinyengo. Ngati wina anakunyamula, ndipatse dzina ndi nambala yake ya foni ndimufunse. Apo ayi, mawa usabwere."

Phyllis anatsitsa foni. Anayang'ana a Herbert.

"Dzinalo apatseni," inatero nkhalambayo, maso ali pa zenera. "Akaipeza nambalayo, andipatseko nanenso."