Kathirakitala Kotayidwa pa Msewu wa Edda

Edda ankakhala ku Morley, mumzinda wa Perth, kutsidya kwa nyanja. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Edda ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti agogo ake atuluke m'nyumba.

Agogo anali aamuna, bambo a bambo ake. Anachokera ku Kasungu. Anabwera kudzacheza mwezi umodzi wokha. Kenako kunabwera matenda a korona. Ndege zinasiya kuuluka. Agogo sakanatha kubwerera kwawo.

Mwezi unatha. Mwezi wina unathanso. Agogo ankangokhala pampando, pafupi ndi zenera. M'mawa, pazenera. Masana, pazenera. Ankadya pang'ono. Ankalankhula pang'ono. Amayi a Edda ankagwira ntchito kuchipatala. Iwo anati agogo ayamba kuonda.

Edda ankamva Chichewa bwinobwino. Koma ankayankha m'Chingerezi. Iye akalankhula, agogo ankangogwedeza mutu.

Lolemba lina, anthu a mumsewu wawo anatulutsa katundu wakale. Anamuika m'mbali mwa msewu. Panali mipando yothyoka. Panali matiresi ong'ambika. Lole yotaya zinyalala inali kubwera Lachisanu.

Madzulo Edda anapita kokayenda ndi bambo ake. Kumapeto kwa msewu anaona chinthu chachilendo. Chinali ndi matayala anayi. Chinali ndi chiwongolero ndi mpando wachitsulo. Chinali chofiira, koma dzimbiri linali paliponse.

Bambo ake anamuuza kuti ndi kathirakitala ka m'dimba. Anati ndi kakale kwambiri. Anatinso agogo anakonza mathirakitala zaka makumi atatu, pa esiteti ya fodya.

Edda sanadziwe zimenezi. Anabwerera kunyumba akuthamanga. Anaima pafupi ndi mpando wa agogo. Anafunafuna mawu m'mutu mwake.

"Agogo," anatero Edda m'Chichewa, "kumsewu kuli kamwana ka thirakitala."

Agogo anatembenuka. Anafunsa ngati kali ndi injini. Edda anati sakudziwa. Agogo anadzuka pampando. Kenako anafunsa kumene kunali nsapato zawo.

Anayenda pang'onopang'ono mpaka kumapeto kwa msewu. Agogo anazungulira kathirakitala kamodzi. Anazunguliranso kachiwiri. Anatsegula kutsogolo. Injini inalimo. Ananunkhiza thanki. Anagwira oyilo ndi chala.

Mwini nyumbayo anali Mayi Bennett. Anali okalamba, ndipo ankakhala okha. Anatuluka n'kuima pakhonde, pataliko, chifukwa cha matenda aja. Iwo ankalankhula Chingerezi. Agogo ankalankhula Chichewa. Edda anaima pakati. Ankamva uku n'kunena uko.

Mayi Bennett anati kathirakitalako kanali ka amuna awo. Amuna awo ankasonkhanitsa timathirakitala takale. Anali nato tisanu. Atamwalira, anzawo anatenga tinayi. Aka kokha palibe anakafuna. Kankalira pang'ono, kenako n'kuzima.

Agogo anapempha kuti akatenge. Mayi Bennett anavomera. Koma anati kachoke lisanafike Lachisanu. Lole ikabwera, ikakaphwanya.

Kathirakitala kanali kolemera. Matayala anali akuphwa. Anakankha, koma sikanasunthe. Bambo ankagwira ntchito ku Welshpool, dera lina la mumzinda womwewo. Anati abwereka pikapu ndi ngolo kuntchito. Koma zipezeka Lachinayi.

Edda anatenga pepala lalikulu. Analemba kuti kathirakitala kali ndi mwini wake. Analimata pampando wa kathirakitalako. Lachiwiri anapita kukaona. Kanali pomwepo. Lachitatu anapita ndi agogo. Kanali pomwepo.

Lachinayi bambo anabwera ndi pikapu. Kumbuyo kunali ngolo. Anaika matabwa awiri. Anamanga chingwe. Bambo ankakoka. Amayi ankakankha. Agogo anagwira chiwongolero. Edda ankaika njerwa kuseri kwa tayala kuti lisabwerere. Kukoka, njerwa. Kukoka, njerwa. Kathirakitala kanakwera m'ngolo.

Anakaika m'galaja. Ntchito inayamba tsiku lomwelo.

Agogo anamasula mabawuti. Anawaika m'chitini. Anachotsa oyilo wakale, wakuda bii. Anathira watsopano. Anapala dzimbiri. Anamata matayala n'kuwapopa.

Edda ankapereka zida. Agogo akati sipanala, ankapereka sipanala. Akati pulayala, ankapereka pulayala. Poyamba ankasokoneza. Pa tsiku lachitatu sanasokonezenso. Anayamba kufunsa yekha m'Chichewa. Ichi n'chiyani? Nanga ichi chimatani? Agogo ankayankha. Ankayankha motalika. Nthawi ya chakudya ankamaliza mbale yonse.

Patapita milungu iwiri, agogo anathira petulo. Anakoka chingwe cha injini. Sinalire. Anakokanso. Injini inatsokomola. Kenako inalira. Du, du, du, du.

Edda anayamba kuwerenga. Anafika pa makumi anayi. Injini inazima.

Agogo anatsuka pulagi. Anakoka chingwe. Injini inalira, n'kuzima. Agogo anasintha kapaipi ka petulo. Anakoka chingwe. Injini inalira, n'kuzima. Anayesa Lolemba. Anayesa Lachiwiri. Anayesa Lachitatu. Inkalira, n'kuzima.

Lachinayi agogo sanapite kugalaja. Anati maso awo akalamba. Anati amuna a Mayi Bennett analephera, iwonso alephera. Anakakhala pampando wawo.

Edda anapita kugalaja yekha. Sanathe kukoka chingwe. Sanathe kumasula bawuti. Koma kutsuka ankatha. Anatenga nsalu ndi madzi a sopo. Anatsuka mpando. Anatsuka chiwongolero. Anatsuka chivundikiro cha thanki.

Pakati pa chivundikiro panali kadontho ka dothi. Edda anapukuta. Sikanachoke. Anakanda ndi chala. Dothi linali louma, lolimba. Linali lolowa m'kati. Pamenepo panali kabowo kakang'ono kwambiri.

Edda anamasula chivundikiro. Anapita nacho m'nyumba.

"Agogo, kabowo aka n'kachiyani?"

Agogo anati palibe bowo. Edda anawalozera. Agogo anavala magalasi. Anayandikiza chivundikiro kuzenera. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Apa ndi popumira thanki," anatero agogo. "Mavu anamangamo nyumba. Thanki ikalephera kupuma, petulo satsika."

Agogo anapereka kawaya kwa Edda. Anati iye ndiye ali ndi maso. Edda analowetsa kawaya m'kabowo. Dothi linagwa. Anapemerera. Anasuzumira. Anaona kuwala mbali inayo.

Anapita kugalaja onse awiri. Edda anatseka thanki. Agogo anakoka chingwe. Du, du, du, du.

Edda anawerenga. Anafika pa makumi anayi. Injini inkalirabe. Anafika pa handiredi. Inkalirabe. Edda anasiya kuwerenga.

Loweruka amayi ndi bambo sanapite kuntchito. Agogo anatulutsa kathirakitala. Anamangirira kumbuyo khasu lolimira limene linabwera nako. Analima kuseri kwa nyumba, mizere isanu. Dothi linali lamchenga. Agogo anati mawungu akhoza kumera, akathira manyowa. Mayi Bennett anamva phokoso. Anabwera n'kuima kunja kwa mpanda. Anaonerera mpaka mzere womaliza.

Kenako bambo anati nawonso ayese. Agogo anazimitsa injini n'kutsika. Bambo anakoka chingwe. Sinalire. Anakoka kasanu. Thukuta linatuluka. Anati kawonongekanso.

"Adadi, simunatsegule kampopi ka petulo," anatero Edda. "Agogo amatseka akazimitsa."

Bambo anatsegula kampopi. Anakoka kamodzi. Injini inalira. Amayi anaseka. Agogo anaseka kuposa onse, mpaka anavula magalasi.

Masana anadyera panja, pafupi ndi mizere ija. Agogo anamwa tiyi makapu awiri. Kenako anafunsa bambo funso. Anafuna kudziwa tsiku limene anthu a msewu winawo amatulutsa katundu.

Amayi anati m'galaja mulibe malo. Agogo anati akasuntha njinga, malo apezeka.

"Njingayo ndi yanga," anatero Edda. "Ndisuntha ndekha."