Nkhope Imene Anapala ba Davies

Ba Davies, wapampando wa katchalitchi ka Akatolika kuseri kwa Chinyunyu, ndiwo anamulakwira Phinias. Wina asakunamizeni.

Phinias, uja amalemba mayina pa magolosale a m'mbali mwa msewu, anapemphedwa kujambula Monika Woyera pa galasi la zenera. Anapaka penti wofiira, wabuluu ndi wachikasu, mizere yakuda pakati, kuti kuwala kuzidutsa. Nkhope anaikapo ya mkazi wake Fainess, amene anali atangomuika m'manda. Chithunzi chake analibe ngakhale chimodzi.

Lamulungu dzuwa litawomba pagalasi, azimayi anamuzindikira Fainess ndi kampata ka m'mano, ena mpaka misozi. Ba Davies anati woyera sangakhale mayi wogulitsa nthochi pamsewu. Anatenga lezala napala nkhope yonse pamaso pa anthu, kusiya mpango, manja ndi malo oyera mbee pakati.

Usiku womwewo, obwera kosamba ku kasupe wa madzi otentha wa ku Chinyunyu anamva phokoso m'tchalitchi: kwee, kwee, pang'onopang'ono, ngati chitsulo chikukanda galasi. Chitseko chinali chokhoma, kiyi ali m'thumba la ba Davies. Kutacha, ba Davies anadzuka nsidze zilibe.

Phokoso silinaleke. Mdima ukagwira, nkhululu zimakhala chete kaye, kenaka kwee, kwee. Mphuno ya ba Davies inayamba kuphwa, masaya kusalala ngati chipsera cha moto. Kuchipatala anawayeza, osapeza kanthu. Anthu ankanong'ona kuti Phinias anasakaniza dothi la pamanda mu penti. Ntchito anasiya kumupatsa, benchi yake pa Misa inatsala ya yekha. Amene anapala ndi wina, mfiti nkukhala iye!

Tsiku lina kutada kunabwera ba Eness, akazi a ba Davies, nagwada pakhomo.

"Ba Phinias, bwezeranipo mayi uja," ananong'ona. "Lero mwana wathu wawathawa atate ake, sanawadziwe."

"Abwere okha adzanene kuti analakwa."

"Anene ndi chiyani? Pakamwa pakutsekeka."

Phinias analandira kiyi kwa ba Eness, natenga nyali ndi maburashi. Sanapitire ba Davies ayi, anapitira Fainess. Atalowa m'tchalitchi, anakhala pansi pa zenera natsinzina kuti amuone. Mawu ake anawamva, kampata kaja anakakumbukira, koma maso, chipumi, chibwano, zonse zinakana kubwera. Anali atazithira zonse pagalasi paja, ndipo lezala linazitenga.

Nyali inazima yokha. Panja nkhululu zinadula. Phokoso linayamba pamwamba pa mutu wake penipeni, tizinyenyeswa tozizira tikumugwera m'khosi. Sanathawe. Anadikira mpaka mwezi unakwera kuseri kwa zenera, zofiira ndi zabuluu zitagwera pa simenti, ndipo anakweza maso.

Pamalo opalidwa paja panali nsidze zokhuthala, mphuno yaikulu, ndi theka la mlomo wokhala ndi ndevu, zonse mkati mwa mpango wa Monika. Maso okha ndiwo anali asanafike.

Anatola maburashi ake natuluka. Ba Eness anali chiimire panja.

"Mwapenta?"

"Malo palibe, mayi. Pali kale amuna anu."

Zeneralo akhristu analiphimba ndi lata, koma phokoso limamvekabe. Ba Davies akali moyo, amakhala m'nyumba atafunda chitenge kumutu. Pepani sananene, ndipo nkhope ya Fainess sanabweze.