Mphindi Zitatu Zimene Kapenya Anataya

Chili ndi diso limodzi, sichiphethira, sichiiwala. Ameneyo ndi Kapenya, makina a pa chipatala cha maso cha m'boma lathu, chaka cha 2068. Kapenya anali ataonera makanema onse a maopaleshoni a maso ojambulidwa m'dziko muno. Ukamuonetsa diso lodwala, ankakutulutsira kanema wa diso lofanana nalo, atadula kale paliponse pamene manja a dokotala anangoima osachita kanthu. Madokotala achinyamata ankaphunzirira pamenepo.

Tsiku lina anabwera nawo mayi Nangondo, dokotala amene anang'amba maso a anthu zaka makumi atatu asanapume pa ntchito. Diso lawo lamanzere linafa kalekale. Lamanja, lokhalo lotsala, linali litachita ng'ala.

Dokotala Lonjezo Kambalame ataunika disolo, Kapenya anatulutsa kanema pompo.

"Amayi, mwayi wanu! Manja ali mu kanemayu ndi anu omwe. Lero mudzichita nokha opaleshoni, ine ndingokubwerekani zala," anatero Lonjezo.

"Zala zako zonga zitosi za nkhukuzo?" anaseka mayiwo. "Kanemayo ndi wotalika bwanji?"

"Mphindi sikisi."

Kuseka kunathera pomwepo. "Ine sindinamalizepo diso pa mphindi sikisi. Zinkakwana naini. Zitatuzo zapita kuti?"

"Kapenya amachotsa pamene munangoima, amayi. Amati ndi nthawi yotayika."

"Kapenya wakoyo makutu ali nawo?"

"Ayi, amangoona diso basi."

"Ndiye tamvera, mwanawe. Anthu athu ndi aulemu. Munthu akagona pamaso pa dokotala, chifuwa chikamugwira amachimeza, kuopa kuoneka wamwano. Kumeza, kumeza, mpaka chimaphulika kampeni kali m'diso. Ine ndisanalowetse kampeni ndinkaima n'kunena kuti, 'Tsokomolani agogo, muno ndi mwanu.' Ndinkadikira mpaka atsokomole."

Lonjezo anatembenukira kwa makinawo n'kulemba kuti: "Kapenya, ndipatse makanema onse amene diso linagwedezeka mwadzidzidzi kampeni kali mkati, chiyambireni kuphunzira kwa iwe."

Anatuluka makanema khumi ndi anayi. Atatu mwa iwo, manja anali a Lonjezo mwini. Anakumbukira mlimi wina wa fodya wa ku Mponela amene anapepesa mobwerezabwereza chifukwa chotsokomola, n'kubwerera kwawo mkazi wake atamugwira dzanja.

Lonjezo anasamba m'manja nthawi yaitali. Atabwerera anatenga kampeni, n'kuima.

"Tsokomolani amayi," anatero. "Muno ndi mwanu."

Mayi Nangondo anatsokomola kawiri, mwamphamvu. "Chilowereni muno ndakhala ndikuchimeza," anatero. "Nanenso anandilera ndi ulemu."

M'mawa mwake atawachotsa bandeji, chinthu choyamba kuona chinali nkhope ya Lonjezo, maso ali psuu. Diso lawo linapola. Maso khumi ndi anayi aja sanabwererenso.

Kapenya anaona zonse zimene manja ankachita, koma chimene chinkapulumutsa maso chinali pamene manjawo ankaima.