Chitenje Chonyowa cha Lighton

Mvula inali itasiya kalekale, mwezi wa Julaye uli mkati ndi fumbi lake, koma m'mawa uliwonse amake Lighton ankapeza chitenje cha pakhonde pawo chitanyowa. Sikunali kunyowa kwa mame ayi. Chinkachita kudontha, madzi n'kuyenderera pasimenti, ndipo ukachiyandikira unkamva fungo la matope ndi ndere za mumtsinje wa Kafue. Chonsecho kuchokera kumtsinje kukafika kwawo ku Nangongwe si pafupi.

Chitenjecho chinali cha chipani, pakati pake pali nkhope ya pulezidenti akumwetulira. Anachipachika pawaya woyanikira zovala ndi Lighton mwini wake, mwana wawo mmodzi yekhayo, pa chisankho chapitacho, nthawi imene Nangongwe yense ankavina akangomva dzina la munthu ameneyu. Tsikulo Lighton ankapita ku Chanyanya ndi anzake kukakopa asodzi. Ali pachipata anatembenuka n'kunena moseka, "Amai, musachose chitenge changa mpaka nibwele." Bwato lawo linagubuduka pakati pa mtsinje. Anzakewo anasambira n'kupulumuka, koma iye sanapezeke, ngakhale nsapato yake. Maliro analira opanda mtembo, ndipo chitenje chinatsala pawaya zaka zonsezi, dzuwa likuchiwaula mpaka pulezidenti anatuwa ngati wodwala.

Tsopano pulezidenti yemweyo ankafuna kuimanso, koma anthu anali atatopa naye kobasi. Kufakitale anali atachotsa anthu ntchito, unga unakwera mtengo, magetsi ankangobwera kudzapereka moni. M'minibasi kondakitala ankatha kukutsitsa panjira chifukwa cha chipewa cha chipani. Zithunzi za mkuluyo zikamatidwa pamitengo madzulo, kunkacha zitabooledwa maso. Ngakhale amayi a kutchalitchi, amene chibadwire sanatukwanepo, chaka chimenecho anaphunzira. Usiku anyamata ankayenda m'gulu akuimba nyimbo zomunyoza, ndipo woyambitsa nyimbo anali Zakeyo, mnzake wapamtima wa Lighton, mmodzi wa opulumuka m'bwato muja. Masiku amenewa akakumana ndi amake Lighton ankayang'ana kumbali, ndipo zimenezi zinkawawawa mtima kuposa mtengo wa unga.

Iwo eni voti yawo anali atalumbira kale kuti pulezidentiyo sadzainunkha. Koma akanawakhulupirira ndani, nkhope ija ili pakhonde?

M'mawa wina anapeza chodabwitsa chachiwiri. Chitenje chinali chonyowa monga mwa masiku onse, koma chitatembenuzidwa, nkhope itayang'ana kukhoma. Anachikonza. Kutacha, chinali chitatembenukanso.

Ba Peggy, oyandikana nawo nyumba, anawakodola kumpanda akunong'ona.

"Amake Lighton, bantu bakamba. Ati vitenge vija vinapita kwa ng'anga, maso yaja yamaona usiku. Manje chanu chachita kuchoka manzi. Chosani, mwandi. Mailo banyamata baocha kantemba ka ba Daliso chifukwa cha kapikicha chabe."

"Ba Peggy, imwe muziba amene anachipachika."

"Ine niziba. Koma baja bakabwela na petulo sibazafunsa."

Usiku umenewo tulo sitinabwere. Magetsi anali atazima, mdima uli bii, moti ngakhale dzanja lako sukanaliona. Kutali malole ankalira pamsewu waukulu, kenaka nawonso anatha. Ndipo anayamba kumva: tho... tho... tho... madzi akugwa pasimenti, pang'onopang'ono, osafulumira. Fungo la mtsinje linalowera pansi pa chitseko. Kenaka kunamveka mapazi opepuka pamchenga, mapazi a munthu wodziwa pamene pali mwala ndi pamene pali ndowa. Waya unalira. Amake Lighton anagwira pakamwa. Mantha analipo, koma pansi pa manthawo panali chinthu china chopweteka kwambiri, chiyembekezo chimene ankayesa kuti chinafa kale.

Usiku wotsatira analimba mtima n'kusuzumira pakatani. Waya unali wopanda kanthu. Posakhalitsa gulu lija linatulukira likuimba, matochi akuthwanima, ndipo kuwala kunayenda pakhonde pawo, kunaima, kenaka kunapitirira. Kutacha chitenje chinali pamalo pake, chikudontha, nkhope kukhoma. Sanauze munthu, ngakhale ba Peggy.

Chisankho chitayandikira, Nangongwe anatentha. Masana anthu ankadutsa pakantemba kawo kogulitsira nsomba zouma osagula, ena kulavula. Pachipata wina analembapo mtanda ndi makala. Madzulo ake amake Lighton sanagone pabedi. Anakhala pampando kuseri kwa chitseko, tochi m'manja, atafunda juzi ziwiri. Ngati ndi mwana wawo amene amabwera, anafuna amuone, ngakhale nkhope yake itadyedwa ndi nsomba.

Kudontha kunayamba. Mapazi aja anabwera. Waya utangolira, anatsegula chitseko n'kuyatsa tochi.

Anali Zakeyo, atagwira ngodya ya chitenje, maso ali tong'o.

"Iwe Zakeyo! Ndiwe?"

"Amai, zimyani tochi," ananong'ona. "Napapata, zimyani."

Anazimitsa. Anakhala pansi pakhomo. Mumtima munali mkwiyo, manyazi ndi chisoni, zonse pamodzi, poti amene ankamudikira sanali ameneyu.

"Nimachichosa tikalibe kupita pano," Zakeyo anapitiriza. "Nimachibisa mu jekete, gulu ikapita nabwela kuchibweza. Nimachipindamula chifukwa nkhope ija sinifuna kuiona, inatinamiza tonse. Koma niziba amene anachipachika. Nenze pa geti paja pamene anakamba."

"Nanga manzi? Umachiviika ku mumana wa Kafue kuti uniyofye?"

Zakeyo anapukusa mutu. Chitenje chinkadonthabe pakati pawo.

"Amai, ine nimachipeza chonyowa kale. Nenze kuganiza ndimwe mumachiwasha." Anayang'ana kuwaya. "Ndipo nikamachidonsa, chimalema. Monga kuli wina agwilila ku mbali inangu."

Kumunsi kwa msewu nyimbo inayamba, yopanda woitsogolera, yaukali kuposa masiku onse. Mphepo inabweretsa kafungo ka petulo.

"Lelo siniza kwanisa kubabweza," anatero Zakeyo. "Baona masana, baika na chizindikilo. Bakapeza chitenge, nyumba yapya. Lekani nichitenge nikachitaye."

"Usachigwile."

"Amai..." Apa mnyamatayo analira, kulira kwa munthu wamkulu kofuna kubisa. "Lighton sazabwela. Mumana unamutenga. Mufuna naimwe mufe chifukwa cha nyula iyi?"

Amake Lighton anadzuka. Anagwira chitenje chija ndi manja awiri. Chinali chozizira zedi, cholemera, ndipo ku mbali inayo, mumdima momwe munalibe munthu, nsaluyo inali yokungika ngati wina waigwira. Sanathawe. Anakumbukira usiku uliwonse umene ankagona mkati atakhoma chitseko, chisanu chikuwomba panja, ndipo mtima unawasweka. Mwana anati chisachotsedwe mpaka abwere. Iwo anasunga mawuwo ndi mtima wonse, koma sanaganizepo zotsegula chitseko.

Analankhula motsitsa, ndi mawu amene ankamuitanira ali wamng'ono akachedwa kosewera.

"Lighton, mwana wanga, wafika. Nakuona. Leka manje, tiye mu nyumba, kunja kwazizila."

Nsalu ija inalefuka. Inatsika pawaya mosavuta n'kugwera m'manja mwawo.

"Yenda kwa anzako," anauza Zakeyo. "Ukabaimbile bwino."

Analowa m'nyumba, nakankha chitseko cha kuchipinda chimene sankachitsegula kawirikawiri, nayala chitenjecho pabedi la Lighton, nkhope ya pulezidenti pansi. Panja gulu linafika pachipata. Matochi anafufuza khonde lonse, anapeza waya wokhawokha. Wina anatukwana, wina anati mwina asokoneza nyumba. Pamenepo mawu a Zakeyo anamveka akuyambitsa nyimbo ina mokweza, ndipo phokoso lonse linamutsatira kunka kumsika. Usiku umenewo sikunamvekenso kudontha, ndipo amake Lighton anagona tulo tofa nato.

Anadzuka dzuwa litakwera. Pakhonde simenti inali youma. Koma m'nyumba, kuyambira pakhomo mpaka kuchipinda kuja, munali mapazi onyowa a munthu wosavala nsapato, olowa okhaokha. Anawatsatira mpaka pachitseko n'kusuzumira. Chitenje chinali chouma gwa, chitakokedwa mpaka kupilo, ndipo matiresi anali ataloweka pakati, mmene amachitira munthu akagona chammbali atapinda mawondo.

Kumpanda ba Peggy anayamba kuitana mokweza, "Amake Lighton! Mwachita bwino kuchosa!"

Amake Lighton anakoka chitseko pang'onopang'ono mpaka chinatsekeka, natuluka monyang'ama, chala chili pamlomo.

"Ba Peggy, kambani pang'ono," ananong'ona. "Mwana agona."