Dzina Lako Lisalembedwe

Morenike anakumana ndi Tega pa siteji ya basi ku Yaba, mvula ikukhuthuka. Morenike anali atanyowa mpaka m'nsapato, chifukwa ambulera yonse anaifunditsa chipaipi cha pulasitiki chimene anakumbatira pachifuwa. M'kamwa ankayamwa agbalumo, kachipatso kowawasa kaja.

"Chemwali, mwana wanuyo ali ndi miyezi ingati?" anafunsa mnyamata wina wa ndevu zometa bwino, akuloza chipaipicho.

Morenike anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Anyamata a mu Lagos timawadziwa, pakamwa pawo pamathamanga kuposa danfo, maminibasi athu aja. Komabe anamuyankha. Anati m'katimo muli chithunzi chachikulu cha osewera onse khumi a "Mvula ya ku Surulere", sewero la pa TV limene ankalitsatira kuyambira ali kusekondale. Asanu ndi anayi anali atasayina kale, aliyense pansi pa nkhope yake. Zinamutengera zaka zisanu, kuima pamizere, kupondedwa zala, kusala nkhomaliro kuti apeze ya pakhomo. Panatsala mmodzi yekha, Mama Ibironke Dawodu, gogo wa m'seweroli, amene anali atasiya zoonekera pagulu.

Tega, mnyamata wa ndevu uja, anagwira pamtima n'kunena kuti iyenso amadwala matenda omwewo. Anayamba kulakatula zigawo za seweroli, mpaka mtundu wa nsalu imene Mama anavala pa maliro a m'gawo lachitatu. Danfo zitatu zinadutsa, Morenike osakwera.

Asanafike n'komwe kunyumba, foni inalira ndi uthenga wa Tega.

"Agbalumo wanga, wafika bwino? Wandisiyira kuwawasa ndi kutsekemera pamtima."

Mtsikana anagwa basi. Musamuseke, inunso munagwapo.

Miyezi isanu ndi itatu inadutsa ali pa uchi. Kanyenya wa suya Lachisanu, mauthenga m'mawa ndi masana, kugwirana manja podumpha zithaphwi. Pa msonkhano uliwonse wa okonda masewero, Tega ankagula kachingwe ka pamkono kolowera pamzere n'kumuveka Morenike mwaulemu ngati mphete. Lamulo la misonkhano yathu silisintha: kachingwe kamodzi, munthu mmodzi, siginecha imodzi. Tega mwiniwake sankaima pamzere, ati bondo linavulala pa mpira. Ankangomupatsa Morenike zithunzi zake kuti akamusayinitsire, iye n'kutsala panja ndi botolo la chakumwa cha zobo. Morenike ankaima maola anayi akumwetulira. Chikondi, inu!

Kenako kunamveka kuti Mama Ibironke abwera Loweruka pa msonkhano wa ku Victoria Island, ndipo asayinira anthu zana okha. Morenike analira ndi chimwemwe. Tega anathamanga uku ndi uku mpaka anamupezera kachingwe ka nambala 41. Anabwerekanso chithunzi chija tsiku limodzi, ati akayezetse felemu.

Loweruka m'mawa uthenga wa Tega unalowa.

"Agbalumo wanga, Mama akakufunsa dzina uwauze angosayina basi. Dzina lako lisalembedwe. Dzina la bambo akolo ndi la masiku ochepa, posachedwa ukhala mkazi wanga, Mayi Omonigho. Tidzachipachika pabalaza pathu kuti ana athu azidzachiona."

Morenike anawerenga kasanu, n'kupsompsona foni. Sanaganize n'komwe kuti dzina loti Morenike silisintha pa ukwati.

Holo inali itadzaza, kutentha kosanena. Ena anavala ngati anthu a m'seweroli, ena ankakangana za amene anapha mkulu wa apolisi m'gawo lachisanu. Kutsogolo kwa Morenike kunali nambala 40, Anti Bose, mayi wa duku lalikulu amene sajomba msonkhano ndipo amayenda ndi mpando wawo wopinda. Kumbuyo kunali nambala 42, mtsikana wochepa thupi dzina lake Ebiere, wophunzira unamwino, atagwira kachithunzi kakang'ono ka Mama.

Ebiere anatsegula kathumba ka chin-chin, tizokazinga ta ufa tokhukhusa, n'kumugawira Morenike, macheza n'kuyamba. Anati iye seweroli salidziwa kwenikweni, wangobwera kudzaimira bwenzi lake lomwe bondo limalivuta. Morenike anaseka, nati amuna a masiku ano mabondo awo ndi a dothi.

"Koma ndi wachikondi," anatero Ebiere mwamanyazi. "Wati Mama asalembe dzina langa, chifukwa posachedwa lisintha."

Chin-chin inauma m'kamwa mwa Morenike.

"Lisintha kukhala chiyani?"

"Mayi Omonigho."

"Ndione foni yako."

Uthenga unali womwewo, mawu ndi mawu, pabalaza pomwepo, ana omwewo. Kusiyana kunali pamwamba pokha. Wa Ebiere unayamba ndi "Mango wanga".

Anti Bose, amene makutu awo anali kumbuyo nthawi yonseyi, anatsonya mpaka anthu a nambala 30 anatembenuka.

"Ana inu, chithunzi cholembedwa dzina sichigulika. Ndani ku Houston, ku Amereka kuja, angapachike dzina la mwana wa eni pakhoma pake? Wa bondo uja timamudziwa. Chaka chatha pamzere pano panali Nanazi."

Anatulutsa foni yawo n'kuwaonetsa tsamba la ogula ndi kugulitsa masiginecha. Panali chithunzi cha osewera khumi, ndipo pansi pake panalembedwa kuti masiginecha onse akwanira Loweruka, dzina la munthu palibe, wogula wapezeka kale. Morenike anakulitsa chithunzicho ndi zala. Pakona ya kumanzere panali pong'ambika pamene iye mwini anamata ndi selotepu ali m'chaka choyamba cha ku koleji.

Ndiye felemu ija inali imeneyi? Ndiye maola onse aja pamizere, miyendo kutupa, iye ankangokhala miyendo yaganyu ya munthu? Mkwiyo unamukwera kuchokera m'mimba mpaka m'makutu. Anakwiya ndi Tega, anakwiya ndi foni imene anaipsompsona, koma kwambiri anadzikwiyira yekha, chifukwa ngakhale pamenepo mtima wake wopusawo unkafunabe kuti pakhale polakwika penapake.

Ebiere anali akulira, akukoka kachingwe kuti akadule azipita. Morenike anamugwira dzanja mwamphamvu n'kumuuza kuti asayerekeze, nambalayo waiimirira ndi miyendo yake, ndi yake. Nthawi yomweyo mafoni awiri analira limodzi.

"Wafika pati, mtima wanga? Ndakusowa."

Anti Bose anapukusa mutu, nati galu ameneyu alibe ndi nthawi yolemba mauthenga awiri.

Mzere unayenda. Mama Ibironke anali atachepa thupi kusiyana ndi pa TV, magalasi ali pamphuno. Morenike anagwada kuwapatsa moni, kenako anatambasula chithunzi patebulo. Mama anayang'ana masiginecha a anzawo mmodzimmodzi, anakhalitsa pa ya amene anamwalira chaka chatha.

"Ndilembe kwa ndani, mwanawe? Kapena nawenso ukuti ndingosayina? Lero anthu akubisa mayina ngati athawa kupolisi."

"Morenike Ajibade, Mama. Mulembe ndi zilembo zazikulu, pakati penipeni."

Mama anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Anaona maso ake ofiira. Anasiya cholembera chimene anali nacho n'kutola chonenepa kuposa zonse. Dzinalo linayambira kumapeto kwina n'kukathera kwina, lakuda bii. Ebiere atafika, nayenso anatchula lake mpaka la pakati.

Tega anali panja atatsamira mzati, zobo ali kumanja. Ataona Morenike anatambasula manja. Ataona amene anali kumbuyo kwake, manja aja anatsika okha.

"Agba... Ebi... atsikana, dikirani, ndikufotokozereni."

Morenike anadikiradi. Zoona zake n'zakuti ankafuna kuti amunamize bwino. Akane, alumbire, agwade pa bondo lakelo, anene kuti mwa onsewo iyeyo ndiye anali weniweni. Morenike akanamutukwana, akanamumenya ndi chipaipi, koma akanadziwa kuti miyezi isanu ndi itatu ija munali kenakake.

Maso a Tega sanali pa iye. Anali pa chipaipi.

"Wasayinitsa?"

Anachilanda, anatsegula, n'kutambasula chithunzi pamwamba pa galimoto ya eni. Nkhope yake inagwa.

"Wachita chiyani iwe? Ndinakuuza chiyani? Munthu akudikira chimenechi!"

"Ana athu aja?" anafunsa Morenike motsitsa mawu.

Tega sanamve n'komwe. Ananyambita chala chachikulu n'kuyamba kukhutiza pa chilembo choyamba, mwamphamvu, akupuma mofulumira, kuyesa ngati inki ingachoke. Ananyambitanso. Anthu anayamba kuima, Anti Bose anatambasula mpando wawo n'kukhala pansi kuti aone bwino.

Morenike anaima pomwepo akuonerera mwamuna amene anamukonda ndi mtima wonse akufufuta dzina lake, iye ali pafupi moti akanatha kumugwira phewa. Msozi umodzi unatsika, sanaupukute. Anagwira dzanja la Tega n'kulichotsa pachithunzipo, chala chimodzichimodzi.

"Chotsa malovu ako pa dzina langa."