Wayilesi Yozima pa Kona ya Mapaini

Ntchito yanga ndi yokonza magetsi a galimoto. Kashedi kanga kali ku Chikanda, kuseri kwa anyamata okazinga chipisi, ndipo ondidziwa amangoti kwa Selemani. Nkhani iyi sindiikamba kawirikawiri. Ena ndikawauza amaseka. Ena saseka, koma sabweranso ndi galimoto zawo.

Inali nyengo yachisanu, dzuwa litapendeka. Ndinali kulongedza zida kuti nditseke pamene inafika Sienta yotuwa ya a Justus. A Justus amayendetsa takisi m'tauni muno, kwawo ndi ku Chikamveka. Sikanali koyamba kubwera ndi vuto limeneli.

"Achimwene, yazimanso," anatero asanatsike n'komwe.

Poyamba paja ndinapeza fyuzi yotopa, ndinasintha. Atabweranso ndinapala dzimbiri pa waya wa efi, uja womangirira ku chitsulo cha galimoto, n'kumanga zolimba. Ulendo wina ndinazula wayilesi yonse imene inabwera ndi galimotoyo, ndinaikamo yatsopano yolowa fulashi, ndi masipika atsopano kutsogolo ndi kumbuyo. Ikalira pashedi panga, ana a ku koleji ankaima pamsewu n'kumagwedeza mitu. Koma bambo aja ankabwerabe.

"Ikuzimira pati?" ndinafunsa.

"Pomwe paja. Pokwera phiri, ndikangokhota kona ija ya mapaini ataliatali, tisanafike ku damu la Mulunguzi. Zii. Ndikapitirira pang'ono, yayambanso yokha."

"Ngakhale masana?"

"Masana sizima."

Ndinaganiza kuti mwina batire ikuchepa mphamvu akayatsa nyali. Ndinayatsa nyali zonse, ndinayeza ndi tesita, moto unali wokwanira. Ndinagwedeza mawaya, ndinamenya dashibodi ndi chikhatho. Nyimbo sinadukeko ngakhale pang'ono.

"Muikemo ampulifaya," anatero a Justus. "Ndi chisipika chija cha m'buti. Ndikufuna iziphokosera."

Ndinawayang'ana. A Justus ndi mkulu wa mpingo, nyimbo zawo ndi za kwaya. Phokoso alifuniranji? Maso awo anali ofiira ngati a munthu amene sakugona.

Akazi awo, a Pauline, mayi a Luso mwana wawo woyamba, ankaphika pa loji ina pamwamba pa phiri, ndipo anali oyembekezera, mimba yooneka kale. Madzulo aliwonse a Justus ankakwera kukawatenga. Msewu wake ndi umodzi womwewo, pokwera ndi potsika.

Ampulifaya ndinaika. Ndinakoka waya wonenepa kuchokera ku batire, n'kuupatsa fyuzi yakeyake pansi pa dashibodi kuti pasakhalenso chonamizira. Nditamaliza ndinati, "Tiyeni tikwere limodzi, ndikaione ndi maso anga ikuzima."

Anavomera msanga kwambiri, moti ndinadabwa.

Tinanyamuka mdima ukungoyamba. Tinadutsa m'tauni, tinayamba chitunda. Ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu anali akulongedza malichero awo. Tinakumana ndi abambo akutsitsa njinga zodzaza nkhuni, atakanirira mabuleki ndi manja onse. Kenako anthu anatha. Chifunga chinatsika, nyali zathu zinkangoona pafupi. Kwaya inkaimba, besi ikunjenjemeretsa galasi. Tesita ndinaiika pamiyendo, nditailumikiza ku waya wa wayilesi.

Mapaini aja anayamba kuoneka mbali zonse, akuda bii. A Justus anakweza voliyumu mpaka kumapeto.

Tinakhota.

Zii.

Wayilesi inali yoyaka. Manambala a nyimbo ankayenda. Tesita inkaonetsa kuti moto ulipo. Mawu okha ndi amene anachoka, ngati wina watseka masipika onse ndi chikhatho. Ngakhale injini inkamveka ngati ili patali.

"Imani," ndinatero.

"Ayi achimwene, pano sitiima."

"Nanga vutolo ndiliona bwanji tikuyenda?"

Anaponda buleki. Tinaima pakati pa chifunga.

Choyamba linali fungo. Utomoni wa paini wongodula kumene, wosakanikirana ndi thukuta. Mawindo onse anali otseka. Kenako galimoto inatitimira kumbuyo, pang'onopang'ono, monga imachitira mukaikamo matumba a simenti. Denga linalira kuti kweee.

Ndiye ndinamva kupuma. Kunkachokera m'masipika akumbuyo. Wefu, wefu, ngati munthu amene wayenda mtunda wautali ndi katundu.

Ndinapisa dzanja pansi pa dashibodi, ndinazula fyuzi ija. Ndinazulanso pulagi ya wayilesi. Kuwala kwake kunazima. M'masipika amenewo simukanatulukanso kanthu. Ntchito imeneyi ndakalamba nayo, ndikudziwa chimene ndikunena.

Kupuma kuja kunapitirira.

"Ndithandizeni kutula."

Anali mawu a mzimayi. Otsika, aulemu, otopa.

Ndinati Bisimila chamumtima, ndinatembenuka. Mpando wakumbuyo unalibe munthu. Koma kunja, m'kuwala kofiira kwa nyali za buleki, ndinaona miyendo iwiri yopanda nsapato, ndi chitenje chomangidwa m'chiuno. Pamwamba pake panali mtolo wa mitengo yaitali, mbali ina itatsamira padenga la galimoto yathu. Nkhope sindinaione. Mutu unali utapendekera paphewa, mopitirira pamene khosi la munthu limafika.

"Ndithandizeni kutula, abambo."

A Justus analowetsa giya. Matayala anaterereka, mitengo inakwecha denga, galimoto inadumpha. Sitinaimenso mpaka tinaona magetsi a pa loji.

Ataimika galimoto anatsamira pa chiwongolero. "Mwamvatu?" anatero. "Ndiye kuti sindine wamisala."

"Zinayamba liti?"

"Chiyambire chisanu chino. Ndimati mwina phokoso likachuluka sindizimva."

"Amayi akudziwa?"

"Potsika amakhala atagona, ndi kutopa. Ndi mimba imeneyi ndingawauze zoterezi? Ndipo inu musayerekeze. Lumikizani wayilesiyo msanga."

Ndinayesa. Fyuzi inandipulumuka, inagwera pansi pa mpando. Ndikufufuza ndi tochi ya pafoni, a Pauline anatulukira atafunda juzi, kachidebe ka chakudya kali m'manja. Anandipatsa moni, ine ndinawasiyira mpando wakutsogolo n'kukakhala kumbuyo. Kunkanunkhabe utomoni.

Tinayamba kutsika.

"Lero bwanji kuli zii?" anafunsa a Pauline. "Nyimbo zija ndi zimene zimandigoneka."

"Akukonza," anayankha a Justus.

Tinadutsa damu. Chifunga chinali chitakula. A Justus ankafuna kuthamanga, koma mtsetse umenewo suthamangika, kumanzere kuli phompho. Ankayenda ndi phazi pa buleki, akuimba nyimbo ya kutchalitchi ndi mawu osweka. Ine ndinadzikundikira pakati pa mpando, kutali ndi masipika onse awiri.

Titafika pa kona paja, nyimbo yawo inathera pomwepo.

Galimoto inalemera. Denga linalira.

"Ndithandizeni kutula."

A Pauline anadzuka pampando. "Bambo a Luso, imani. Pali munthu."

"Palibe munthu."

"Ndamumva ine. Imani."

"Mayi a Luso, chonde. Si munthu ameneyo."

"Mzimayi akupempha kutula, inu n'kumadutsa? Munasenzapo mtolo inu? Ine ndakula ndikutsitsa nkhuni phiri lomwe lino. Khosi likafika pamenepo, wekha sungatule."

Anatsegula chitseko galimoto ikuyenda. A Justus anaponda buleki, anawagwira juzi, juzi inatsala m'manja mwawo. A Pauline anatuluka, koma a Justus kutsika sakanatha. Handibuleki ya galimoto ija sigwira pamtsetse, akanangochotsa phazi tikanapita kuphompho.

"Selemani, agwireni!" anakuwa.

Ndinagwira chitseko. Koma sindinatsike.

Ndinawaona kudzera pa galasi lakumbuyo, m'kuwala kofiira kuja. A Pauline anayenda pang'onopang'ono, dzanja lina lili pamimba. Anaima kutsogolo kwa chinthu chija. Anapinda maondo, anakweza manja onse awiri, monga amachitira amayi polandira mnzawo katundu. Chifunga chinawaphimba. Ndinangomva mawu awo akuti, "Bweretsani kuno. Pang'onopang'ono."

A Justus ankapemphera mokweza, akutchula dzina la akazi awo pakati pa pempherolo.

Kenako phuu! Nthaka inagwedezeka. Galimoto inanyamuka kumbuyo n'kukhala bwinobwino.

Kunja kunangoti zii. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Ndinayamba kuganiza za mmene tikafotokozere anthu kuti tinakwera kukatenga mayi woyembekezera, tatsika opanda iye.

Chitseko chinatseguka. A Pauline analowa, anakhala pansi. M'manja mwawo munali nembenembe utomoni, m'tsitsi muli timakungwa ta paini.

"Muli bwino?" anafunsa a Justus. "Mwana ali bwino?"

"Tiyeni," anatero.

M'mawa mwake ine ndi a Justus tinakwera dzuwa likuwala. Pa kona paja panalibe mtolo, panalibe ngakhale chikuni chimodzi. Udzu wokha unali utagona, mzere wautali, ngati pagwera chinthu cholemera. Padenga la galimoto panali mikwingwirima itatu yofika pachitsulo.

Chakumunsi pang'ono tinapeza a Zuleka, mayi wachikulire wogulitsa mabulosi ndi magalagadeya. Titawafotokozera, sanadabwe. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. Akuti zaka zapitazo mayi wina wa kumunsi kwa phiri anatsalira anzake chifunga chitagwa. Anzakewo anaganiza kuti ali kutsogolo. Anam'peza m'mawa pa kona pomwepo atagwada, atauma kale, mtolo ukadali pamutu.

"Amapempha galimoto zambiri," anatero a Zuleka. "Kungoti si onse amamva."

Wogulitsa mnzawo anakana, anati iye wakhala pamsewu umenewo kuyambira kale ndipo za mayi wotero sanamvepo. Ku Chikanda nkhani itafika, ena anati ndi mankhwala a amene anagulitsa galimoto ija. Ena anati ine ndinalumikiza mawaya molakwika, ndiye ndapeka nkhani.

Fyuzi ndinaipeza, ndinaibwezera. Kuyambira tsiku limenelo wayilesi ya a Justus sinazimenso, pa kona paja kapena pena paliponse. Iwo anasangalala, anati zatha. Koma a Pauline ntchito ya pa loji anaisiya sabata yomweyo. Anthu anati ndi chifukwa cha mimba.

Mwana anabadwa bwinobwino, wamkazi. Mvula itayamba, a Justus anabwera kuti ndiwakonzere mawaipa opukuta galasi. Anali ndi akazi awo. A Justus atapita kukagula chipisi, a Pauline anakhala pa benchi yanga akuyamwitsa. Ndinalimba mtima.

"Amayi, usiku uja munaona chiyani?"

Anayang'ana mwanayo.

"Nkhope sindinaione," anatero. "Manja ake ndi amene ndinawakhudza. Ozizira. Koma bambo a Luso musawauze zimene ndikuuzenizi."

"Sindiwauza."

"Titatula, anandithokoza. Anafunsa ngati anzake atsika kale, ine ndinati eya. Ndiye anandigwira pamkono, anati, 'Zikomo mwanawe, ndipumuleko kaye. Ukamadzadutsanso udzandisenzetse.'"

Anakweza maso kuyang'ana kuphiri. Pamwamba pake panali patayamba kale kuchita chifunga. Anam'funditsa mwana uja, n'kutembenuka kukhala chofulatira.