Pomwe a Ndaziona Analekezera

Dzanja la Tinenenji linkalemba lokha, mwini wake atatsinzina. Chimene chinkaliyendetsa ndi Mtsatadzanja, kachipangizo kovala ngati golovesi, kopyapyala ngati khoko la anyezi. Pepala likakalamba inki imafufutika, maso saonaponso kanthu, koma timizere timene cholembera chinadinda timatsalira. Mtsatadzanja ankatimva timizereto, n'kumakoka dzanja la munthu m'njira yomweyo imene wolembayo anadutsa, uku cholembera chikubwezeretsa inki yatsopano papepala lomwelo. Amisiri anayesapo kuti makina azigwira okha ntchitoyi, koma zala zachitsulo zinkangong'amba mapepala. Basi, pankafunika dzanja lamoyo.

N'chifukwa chake Nkhokwe ya Zolemba Zakale, imene inamangidwa m'tsinde mwa phiri la Dedza, inkaitana anthu ongodzipereka. Nanga m'zaka zimenezo, pamene ngakhale mwana wa sukulu ankangolankhula makina n'kumulembera, ndani akanalola kudetsa zala ndi inki popanda malipiro? Ankabwera ndi anthu opuma pantchito, komanso ena amene kunyumba kunkawaotcha. Tinenenji anali wa gulu lachiwirili.

Achemwali ake, a Ndaziona, anamwalira m'dzinja iye ali kuntchito, pasiteshoni yokolola mphamvu ya dzuwa imene inkazungulira dziko kumwambako. Uthenga unamupeza msanga, koma chombo chotsikira pansi sichidziwa za maliro a munthu. Pofika kumudzi anapeza nkhata zitafota kale pamanda. Anthu anamuuza kuti achemwali anapita bwino, osavutika. Mawu otere amatonthoza amene analipo. Koma iye, mawuwo ankangomukumbutsa kuti munthu amene anamubereka kumsana amayi awo atatsamira mkono, anatsirizika popanda wa bere limodzi womugwira dzanja. Zinkamupweteka, ndipo sizinkatha.

Ntchito ya ku Nkhokwe inamugwira mtima, chifukwa m'golovesi muja ankamvamo anthu. Mphunzitsi wina wakalekale ankadinda ngati akulimbana nalo pepala. Mayi wina, polembera mwamuna wake kumigodi, anaima nthawi yaitali asanalembe dzina la mwana wodwala, ndipo dzanja la Tinenenji nalo linaima pomwepo.

Tsiku lina anapita kwa bambo Likongwe, woyang'anira odziperekawo, mkulu wa imvi amene ankanunkhira mapepala akale.

"Bambo, kodi munthu atabweretsa pepala la kwawo, pali mlandu?"

Bambo Likongwe anavula magalasi. "Mayi, ndaona kumene mukulowera. Aliyense wobwera pano ali ndi maliro ake m'thumba. Lamulo silikuletsani. Koma ndikanakhala ine, ndikanawasiya agone."

"Sindikufuna kuwadzutsa ayi," anatero Tinenenji. "Ndikungofuna kuwaperekeza."

Pepalalo linali la nyimbo. A Ndaziona anali mtsogoleri wa kwaya kumpingo kwawo, ndipo anali ndi makani: nyimbo zawo ankazilemba ndi pensulo, m'zilembo za do-re-mi, anzawo akuwaseka kuti ndi munthu womaliza m'boma lonse kusongola pensulo. Yomaliza anailembera pabedi la kuchipatala. Namwino popereka pepalalo kwa abale anati, "Sanaimalize. Pensulo inawagwa m'manja." Pogawa katundu wa malemu anthu analimbirana zitenje ndi mapoto, koma kapepala kopindapindako panalibe amene anakayang'ana kawiri. Tinenenji anakatenga. Do-re-mi sankaidziwa, ndipo mtima wokatambasula analibe. Chimene ankafuna n'chimodzi: kuyenda ndi dzanja la achemwali mpaka pomwe pensulo inagwera, kuti naye akhale kuti analipo.

M'mawa mwake analowa m'kachipinda kake, n'kuvala Mtsatadzanja. Anatsinzina kaye, kenako anatambasula pepala mopapasa, chifukwa sanafune kuti maso afike kumapeto dzanja lisanafike.

Abale inu! Pongoyamba pomwe anawazindikira. Kakokedwe kamwano kaja, kongafanana ndi mmene ankamukokera pamsewu ali mwana, kanali komweko. Dzanja linkathamanga, kuima, n'kugogoda katatu papepala monga a Ndaziona ankachitira posaka liwu. "Achemwali," ananong'ona, misozi ikutsikira m'khosi, "ndabwera."

Patsogolo pake dzanja linayamba kulemera. Zilembo zinkatuluka mokwawa. Tinenenji anakoka mpweya, nati mumtima, pafika. Koma dzanja silinaime. Linapitirira mzere wina, ndi winanso, mofooka momwemo, mpaka pansi pa pepala, pomwe linajambula timizere tiwiri totsekera nyimbo, n'kupumula bwinobwino ngati munthu woweruka kumunda.

Anatsegula maso. Pepala lonse linali bii ndi inki yatsopano, nyimbo yathunthu, yopanda mpata.

Anathamangira kwa bambo Likongwe, golovesi ikali m'dzanja. "Bambo, namwino anati sanamalize! Nanga izi?"

Mkuluyo analiyang'ana pepala nthawi yaitali, kenako anagwira pakamwa. "Ha! Koma ndalakwa ine, sindinaganizeko. Paja makinawa akapeza pomwe chiswe chinadya, amadzaza okha potengera kalembedwe ka mwini wake."

"Koma paja amadzaza liwu limodzi kapena awiri basi!" anatero Tinenenji.

"Eya, poti chiswe chimadya pang'ono. Koma iwowa sadziwa kusiyanitsa chiswe ndi imfa, mayi. Aona mpata, adzaza."

"Ndiye afunseni andiuze pomwe achemwali analekezera."

Bambo Likongwe anapukusa mutu. "Anapangidwa dala kuti msoko usamaoneke. Podzaza amadindanso timizere tawo, ndipo sasunga kuti apa ndi pathu, apa ndi pa eni ake. Chimenecho ndicho chinali chinyadiro cha amene anawapanga."

Tinenenji anangokhala pansi pasimenti pomwepo. Pepalalo analisunga miyezi yonseyi osalitambasula, ndipo chinthu chokhacho chimene ankachifunamo anachikwirira yekha, ndi dzanja lake lomwe. Anapita kuchipatala kukafunsa namwino uja. Namwinoyo anayesetsa kukumbukira, nati mwina panali pakati, mwina cha kumunsi, pepani, odwala ndi ambiri.

Nkhani siigona. A kwaya atamva kuti pali nyimbo ya mtsogoleri wawo anabwera kudzaipempha, ndipo Tinenenji sanathe kuwakaniza. Anaiimba tsiku lovundukula chiliza, dzuwa likuswa mtengo. Inali nyimbo yokoma zedi, tisanamizane. Amayi analira, abambo akuyang'ana kumbali. Itatha, mayi Nasimango, amene anaimba ndi malemu kuyambira ali atsikana, anamukumbatira Tinenenji.

"Mwana wanga, awa ndi a Ndaziona enieni, kuyambira poyamba mpaka ameni! Mulungu anawadikira kuti amalize."

Tinenenji anatsegula pakamwa kuti anene zoona, koma ataona nkhope ya mayiyo anangoti, "Zikomo amayi." Nyimbo yonse anaimvetsera ngati mlenje, khutu lili tcheru, kusaka pomwe liwu la achemwali likuthera ndi pomwe la makina likuyambira. Sanapapeze. Anthu onse anabalalika atatonthozeka, iye yekha anatsala chiimire pambali pa chiliza, akuyang'ana chikhatho chake.

Ku Nkhokwe anabwererako ndithu, koma anapempha bambo Likongwe kuti pamapepala ake onse azimitse kudzaza kuja. Chiswe chikadya, pazikhala chibowo. Wolemba akalekeza, dzanja lake nalo lizilekeza, ndipo ankakhala pamenepo kanthawi, phee, asanatembenuze pepala. Anali ataphunzira mochedwa kuti pomwe munthu analekezera naponso ndi malo ake, ndipo wopadzaza, ngakhale mwachifundo, amalanda otsala malo olirira.